Mainchesi Awiri ndi Theka

Tsekani kaye makope anuwo, ana inu, masentimitawo sathawa. Ndakhala ndikukumvani mukulimbana za poika kadontho, uyu akuti apa, uyo akuti apo, ndipo mwandikumbutsa munthu wina amene zoterezi ankazidziwa kukuposani nonsenu. Pali mwambi umene mumaumva kawirikawiri koma simudziwa kuti unachokera kwa iyeyo. Sindiutchula msanga, mungandithawe nkhani ili pakati. Mwambiwo unayamba motere.

Kalelo, nsalu tikadagula pa mayadi, sitima ya malasha ikadalira m'chigwa cha Balaka, m'mudzi wina wa kumapiri a Ntcheu munali mayi woumba mbiya, a Nagama. Amuna awo anakatchona ku Halale, n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Jailosi. A Nagama anabadwa mwendo wakumanzere uli wofupikirapo, ndiye akamayenda thupi lonse linkapendekera uku n'kubwerera uko. Phazi lina linkati di, lina n'kuyankha kuti gu. Panalibe amene ankadabwa nazo. Ana akamva di-gu, di-gu kuseri kwa nkhokwe ankadziwiratu kuti nthawi yobisa mango akuba yakwana, ndipo pamsika anthu ofuna mbiya ankangoyang'ana kumsewu kudikira dengu lovina pamwamba pa mitu ya anthu. Ngakhale dengulo linkavina choncho, mbiya sinagwepo ndi imodzi yomwe.

Jailosi ali khanda ankakana msana wa munthu wina aliyense. Wina akamubereka ankalira mpaka kusasa mawu, koma akangobwerera kumsana kwa amayi ake, iwo n'kuyenda pang'ono kuzungulira nyumba, tulo tinkamupeza nthawi yomweyo. Amayi a m'mudzimo ankaseka, amvekere mwanayu anazolowera kugwedezedwa ulere, misana yathu yowongokayi akuiona ngati mphasa.

Mbiya zomwezo zinamuphunzitsa sukulu mpaka anamaliza sitandade sikisi, ndipo anapeza ntchito m'gulu la anthu oyeza misewu ndi milatho. Poyamba ankangogwira nsonga ya tepi, kenako anamukweza kukhala wolemba miyeso. Kapitawo wawo, mzungu wa ndevu zofiira, analibe chifundo pa nkhani ya kalembedwe. Nambala ya mafiti inkayenera kukhala ndi kamzere kamodzi pamutu, ya mainchesi timizere tiwiri, ndipo pakati pa mulitali ndi mulifupi pankakhala kamtanda kamene powerenga ankati bayi. Ukaiwala kamzere kamodzi unkabwerera wapansi kumlatho kukayezanso, dzuwa likuswa mtengo. Anzake onse anabwererapo. Jailosi yekha sanabwererepo, ndipo kunena zoona, matenda ake anayambira pamenepo.

Atabwera kumudzi pa tchuthi, anafika tepi ili m'chiuno, pensulo ili kukhutu, choko chili m'thumba. Masiku amenewo ife tinkayeza ndi zimene tinabadwa nazo. Nyumba tinkaiyeza ndi mapazi, nsalu ndi mkono, ndipo ukafuna kuti m'bale wako wa ku Joni akugulire nsapato unkaponda pa bango, n'kulidula molingana ndi phazi, n'kupatsira munthu wopita kumeneko. Jailosi zonsezi anaziona ngati umbuli. Sabata isanathe, nkhokwe, khola la mbuzi, mtondo ndi chitseko cha kuchimbudzi zonse zinali ndi manambala a choko, iliyonse ndi timizere take pamutu.

Tsiku lina malume ake, a Gama, anagunda mutu polowa m'nyumba ya mlongo wawo.

"Khomo ili ndi lalifupi," anadandaula akusisita chipumi.

"Musamatero, malume," anatero Jailosi. "Kufupika si muyeso. Khomo ili ndi faifi fiti bayi thuu."

"Oho. Nanga chotupa chili pamutu pangachi ndi chingati bayi chingati?"

Jailosi anatulutsadi tepi, n'kulengeza kuti chotupacho ndi hafu inchi. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkamutchula kuti Hafuinchi, ndipo mwiniwake ankaganiza kuti ndi dzina laulemu.

Musamuyese munthu woipa mtima. Amayi ake ankawakonda, ndipo sankabwera chimanjamanja: shuga, sopo, mpango, zonse zinkafika. Vuto linali diso. Diso limene lazolowera kufunafuna pokhota limayamba kuona kukhota kokhakokha. Tsiku lina madzulo ali pakhonde, anaona amayi ake akuchokera kudambo atasenza dongo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanaone amayi ake akubwera. Anaona chinthu chopendekeka chofunika kukonza.

Mwina zikanathera pomwepo pakanapanda Esinala. Ameneyu anali mwana wa a Ngozo, kalaliki wa pasiteshoni ya sitima ku Balaka, anthu a nyumba ya malata, a makatani m'mawindo, odyera patebulo. Esinala ankaphunzitsa atsikana kusoka, anali wofatsa koma wa maso oona patali. Jailosi anamukonda mpaka kuonda. A Gama anapita kukafunsira mbeta, akuchikazi analola, ndipo anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike anthu akakolola.

Chimwemwe cha Jailosi sichinakhalitse. Akangotseka maso ankaona bwalo losesedwa bwino la a Ngozo, alendo ovala majekete atakhala pamipando, kenako amayi ake akudutsa pakati pawo, di-gu, di-gu. Ankamva m'mutu mwake anthu akunong'onezana kuti banja limeneli lili ndi chilema cha kumtundu, ndipo ankaona a Ngozo akuimirira n'kunena kuti pepani, mwana wathu tamuganiziranso. Mantha amenewa sanauze munthu aliyense.

"Kodi amayi ndidzawaona liti?" Esinala ankamufunsa.

"Mtsinje wa kwathu wadzaza."

Mvula itatha anafunsanso.

"Panopa ali kumaliro, kutali."

"Kwanuko anthu akutha bwanji," anatero Esinala, akumuyang'ana nthawi yaitali. Jailosi anasangalala kuti wapeza mkazi wachifundo.

Chimanga chitayamba kuuma, Hafuinchi anaganiza kuti vuto lililonse limene lingayezedwe lingathenso kukonzedwa. Koma kuyezako kunali ndi pake povuta. Mwana wamwamuna sayendetsa tepi pamwendo wa mayi ake, ngakhale Chingerezi chimuchulukire bwanji. Anaganiza, anaganiza, mpaka nzeru inabwera. Anakadula timatabwa tolingana, kalikonse kochindikala hafu inchi, n'kuitana amayi ake.

"Amayi, taimani apa pakhomo, mmene mumaimira masiku onse."

A Nagama anaima, atatsamira ku mwendo wawo waufupi monga mwa chizolowezi. Jailosi anaika chizindikiro pamphuthu, pamene panalekeza mutu, n'kuyeza.

"Foo fiti ileveni," anatero, n'kulemba nambalazo pamphuthupo, kamzere kamodzi apa, tiwiri apo.

Kenako anawasenzetsa beseni la madzi, iye n'kukwera pamtondo kuti azisuzumira m'besenimo. Madzi anali ataunjikana mbali imodzi. Anatsika, n'kulowetsa kathabwa pansi pa phazi lamanzere, n'kukweranso. Anatsika, kathabwa kena, n'kukweranso. Nkhuku zinasonkhana kudzaonerera.

"Kodi ndi mankhwala a kutauni amenewa, mwanangu?" anafunsa a Nagama, khosi lili njo kuopa kutaya madzi.

"Musagwedezeke, amayi. Ndikufuna ndikugulireni nsapato."

"Nsapato? Ineyo? Nanga bwanji osangodula bango ngati anzako?"

"Bango silidziwa mainchesi."

Pa kathabwa kachisanu madzi anakhala bata, ofanana mbali zonse. Mainchesi awiri ndi theka. Jailosi anamva kukoma mumtima ngati munthu amene wagwira mbala imene yakhala ikuvutitsa mudzi. A Nagama nawo anali ndi chimwemwe chawo. Chibadwire phazi lawo linali lisanalowepo mu nsapato, ndipo dzuwa lisanalowe anali atauza mnzawo aliyense wa kuchitsime kuti mwana wawo akukawagulira.

Ku Balaka, pakhonde la sitolo ina, pankakhala wosoka nsapato wina, a Twaibu. Jailosi anawafotokozera zimene ankafuna: nsapato ziwiri zakuda, yakumanja wamba, yakumanzere yokwera pansi pake.

"Bango lili kuti?" anafunsa a Twaibu.

"Palibe bango pano. Ndakulemberani zonse, mulitali, mulifupi ndi kukwera kwake. Muone bwino timizereto. Tiwiri ndi mainchesi, musandisokere nsapato ya mafiti awiri."

A Twaibu anayang'ana manambalawo, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Kusoka ndisoka. Koma eni mwendowo adandaula?"

"Inu sokani nsapato, za mwendo zisiyeni."

A Twaibu anasokadi, ndipo anasoka mwaluso. Pansi pake anasanja thabwa lopepuka ndi zidutswa za thayala. Jailosi atayeza anapeza kuti sinapitirire kapena kuperewera ngakhale ndi tsitsi limodzi, ndipo chifukwa cha kukondwa analemba muyesowo ndi inki m'mbali mwa nsapatoyo, timizere tiwiri tili pamalo pake. Pochoka apo analowa m'sitolo n'kugula nsalu yayitali, atawerengera bwinobwino kuti ikavalidwa izifika pansi penipeni, nsapato isaoneke ngakhale mphuno yake.

Atafika kumudzi, a Nagama anasamba m'manja asanamasule phukusilo. Anatulutsa nsapato yoyamba n'kuisisita, akumwetulira. Anatulutsa yachiwiri. Inali ngati njerwa imene yavala chikopa. Anaziika pamphasa moyandikana, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana nsalu ija, kutalika kwake, ndipo zonse anazimvetsa.

"Izi ndi za kuchinkhoswe?"

"Eya, amayi. Mukudziwa, anthu ake ndi a pasiteshoni. Amaona zinthu mwamtundu wina."

"Ndamva, mwanangu."

Zinawapweteka, ana inu, ndisakubisireni. Munthu wakhala zaka zonsezo osadziwa kuti pali amene amachita naye manyazi, ndiye adzamve kwa mwana amene anamubereka kumsana. Koma sanalire, ndipo sanakalipe. Anapukuta phazi lawo ndi nsonga ya chitenje n'kuvala nsapatoyo.

Kuphunzira kuyenda kunali ntchito. Msana umene unazolowera kupendekeka chibadwire sunafune kumva za mainchesi. Chiuno chinkawawa, phazi linatuluka matuza, ndipo tsiku loyamba lomwelo, poyesa kusenza dengu, mbiya ziwiri zinagwa n'kusweka. A Nagama anatola mapalewo mwakachetechete. Jailosi anajambula mzere wowongoka pabwalo ndi choko, n'kumawayendetsa pamenepo m'mawa ndi madzulo, iye akuyenda chafutambuyo patsogolo pawo, diso limodzi atatsinzina.

A Gama anapirira masiku angapo, kenako zinawakwana.

"Mphwanga, mlongo wangayu wayenda choncho chibadwire. Wakulera choncho, wakuphunzitsa sukulu choncho. Lero ndiye wazindikira kuti ndi wokhota?"

"Malume, nambala sinama."

"Sinamadi. Koma sinakuyamwitseponso."

Jailosi anangoseka, poti anthu akale samvetsa zinthu. Ndipo pasanapite nthawi anapeza umboni woti akuchita bwino. Tsiku lina a Nagama akuchokera kuchitsime atavala nsapato ndi nsalu ija, akuyenda mowongoka ngati msilikali, galu wawo amene anamulera kuyambira ali kamwana anadzuka pakhonde n'kuyamba kuwauwa, ubweya uli nyankhalala.

"Mwaona, amayi?" anafuula Jailosi akuwomba m'manja. "Zatheka! Ngakhale galu sakukuzindikirani!"

Tsiku la chinkhoswe linafika. Kwa a Ngozo anamanga chisakasa chachikulu pabwalo, anthu anadzaza, ng'oma zikulira. Akuchimuna analowa ndi tambala wawo, a Gama ali patsogolo, ndipo pambuyo pawo a Nagama ankayenda mowongoka, nsalu ikusesa pansi, thukuta lili kamukamu pamphumi. Jailosi ankayang'ana nkhope za alendo mmodzimmodzi. Panalibe wonong'ona, panalibe woloza. Mtima wake unakhala pansi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawayang'anitsitsa a Nagama. Amenewa anali azakhali ake a Esinala, a Nangozo, mayi wa thupi lake, wa pakamwa posatsekera, amene ngakhale mchimwene wawo kalaliki ankawaopa. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pamene nsalu inkakhudza dothi, kenako anamuyang'ana Jailosi. Mnyamatayo anaganiza kuti akusirira nsaluyo. Posakhalitsa a Nangozo anawagwira dzanja a Nagama n'kulowa nawo m'nyumba, amvekere alendo akamwe madzi, ndipo anakhalitsa m'menemo.

Mukudziwa mmene zimakhalira pachinkhoswe. Amatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu, akuchimuna n'kumakana kuti si uyu, si uyu, mpaka atatuluka mwiniwake. Aliyense ankadikira zimenezo. Koma a Nangozo anatuluka okha, n'kuimitsa ng'oma ndi dzanja.

"Tisanatulutse mwana wathu, ife akuchikazi tili ndi kamwambo kathu," anatero. Kamwambo kameneko, ana inu, kanabadwa tsiku lomwelo m'mutu mwa a Nangozo, koma panalibe wolimba mtima woti awatsutse. "Mwamuna asanaloze mkazi, ayambe waloza mayi ake. Amene sadziwa amene anamubereka, mwana wa eni angamusunge? Mkamwini, mwayi ndikupatsani kawiri. Mukalephera, tambala wanuyo mubwerera naye."

Anthu anaseka. Jailosi nayenso anaseka, n'kuyang'ana a Ngozo kuti aseke nawo limodzi. A Ngozo sanaseke. Anangogwedeza mutu kuvomereza, poti mwana wawo anali atawadandaulira kale za mitsinje yosaphwa ndi maliro osatha.

M'nyumba munatuluka amayi anayi, aliyense atafunditsidwa nsalu zakuda kuyambira kumutu mpaka pansi, osaoneka ngakhale chala. Anawauza kuti asalankhule. Anadutsa pabwalo mondondozana, n'kubwerera.

Jailosi anayamba waimirira monyadira, manja ali m'thumba. Ndani angasowe mayi ake? Koma amayiwo atadutsa kamodzi, manja anatuluka m'thumba. Onse anayi ankayenda mowongoka. Anatchera khutu, koma mapazi onse ankalankhula chinenero chimodzi. Anayang'ana pansi kufuna nsapato, koma nsalu zinkasesa dothi, monga mmene iye mwini anafunira. A Nagama anali ataphunzira bwino zimene mwana wawo anawaphunzitsa.

Ndiye anachita chimene Hafuinchi akanachita: anasolola tepi m'chiuno n'kulunjika kwa amayiwo.

"Iiii! Mkamwini, mukufuna kutani?" anakuwa amayi a m'chisakasa. "Tepiyo muyendetse pathupi la ndani?"

Anabwerera m'mbuyo, koma nzeru zinali zisanamuthere. Anapita pansanamira ya chisakasa, n'kuyeza kuchokera pansi, n'kujambula mzere ndi choko. Pambali pake analemba nambala ija ya pamphuthu ya kwawo, ndipo timizere tonse anatiika pamalo pake. Anapempha kuti amayiwo aime pansanamirapo mmodzimmodzi. A Nangozo analola, akuluma milomo kuti asaseke.

Woyamba anapitirira mzere. Wachiwiri anapitirira. Wachitatu mutu wake unafika pamzerepo ndendende.

"Awa!" anafuula Jailosi, n'kuwagwira dzanja mwamphamvu, n'kulikweza m'mwamba. "Amayi anga ndi awa! Foo fiti ileveni!"

A Nangozo anavundukula nsalu ija pang'onopang'ono. Anali apongozi ake, amayi a Esinala.

Inu a masiku ano simungamve kulemera kwake, poti mumakhala pampando umodzi ndi apongozi n'kumaonera limodzi mpira. Nthawi imeneyo mkamwini akaona apongozi akubwera m'njira ankapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Ndiye uyu wawagwira dzanja, masana, pamaso pa anthu, n'kulengezanso msinkhu wawo m'Chingerezi! Apongoziwo anakuwa n'kuthawira m'nyumba atadziphimba kumaso. Amayi a m'chisakasa anagubuduka pamphasa ndi phwete, woimba ng'oma anagwa pampando, a Gama anavula chipewa n'kubisamo nkhope, ndipo tambala uja naye anasankha nthawi yomweyo kuti alire.

Kuseka kutatha, a Ngozo anaimirira. Sanakweze mawu.

"Kwatsala kamodzi, mnyamata."

Apa m'pamene Jailosi anazindikira chimene analakwitsa. Nambala ija inali ya amayi ake akale, otsamira ku mwendo waufupi. Amayi amene iye anawakonza anali atatalikirapo. Anawonkhetsa msangamsanga mumtima, n'kukweza maso kuti aone atatu otsalawo, koma onse anali a msinkhu wofanana, kusiyana kwake kosakwana chala. Pawindo la nyumba katani inagwedezeka, ndipo anaona Esinala akumuyang'ana. Sankaseka.

Tepi ija inagwa m'manja mwake n'kudzikulunga m'fumbi. Sanaitole. Anaima pakati pa bwalo, munthu wamkulu wa jekete ndi tayi, amayi ake ali pafupi poti akanatha kuwakhudza ndi ndodo, koma osawadziwa. Chibadwire chinthu chimenechi chinali chisanamuchitikirepo. Pamsika wodzaza, kumaliro, mu chifunga cha m'mawa kudambo, iye ankawazindikira ali kutali anthu ena asanawaone. Ndipo panalibe amene anamulanda zimenezi, anazichotsa yekha ndi timatabwa tisanu. Manyazi amene anamugwira pamenepo sanalinso a alendo ovala majekete aja.

"Ayendenso komaliza," analamula a Nangozo.

Jailosi sanathe n'kuyang'ana komwe. Anazolika mutu, ndipo mawu anangotuluka okha, aang'ono, ngati a mwana amene wasochera pamsika.

"Amayi."

Mmodzi mwa atatuwo anaima. Nsalu yake inagwedezeka m'munsi, ngati munthu akulimbana ndi chinachake ndi phazi. Kenako pansi pa nsaluyo panatuluka chinthu chakuda, chinagubuduzika pabwalo n'kukaima pafupi ndi mapazi a alendo olemekezeka. Inatsatira inzake yopyapyala. Mayi uja anayamba kuyenda.

Di-gu. Di-gu. Di-gu.

Jailosi sanafunikire kukweza maso. Thupi lake linadziwa mutu usanaganize, monga linkadziwira ali kumsana. Anathamanga n'kukagwada m'fumbi patsogolo pa nsalu yopendekekayo, thalauza la chinkhoswe lomwelo, misozi ili chuchuchu.

"Ndi awa. Amayi anga ndi awa."

A Nagama anadzivundukula okha. Anayang'ana khamu lonse lija limene linali litaona kuyenda kwawo, kenako anawerama n'kunena motsitsa, koma poti kunali chete, aliyense anamva.

"Pepa, mwanangu, nsapato yako ndaivula pa anthu. Ndinaona kuti ukusochera."

Panalibenso woseka. Amayi ena amene posachedwapa ankagubuduka anayamba kupukuta m'maso ndi nsonga za zitenje.

A Nangozo anatola nsapato ija n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Mainchesi awiri ndi theka," anawerenga. "Timizere tili bwinobwino, mkamwini, pamenepo sitingakutsutseni. Koma mumabisira yani? Mtsuko umene mwamwera madzi lero pakhomo pano anaumba ndi mayi amenewa. Ine ndagula mbiya zawo kuyambira inu muli kumsana, mamina ali mbwee. Malume anu atabwera kudzafunsira mbeta, achimwene ankakayika, amvekere mnyamatayu amalankhula ngati buku. Ndine ndinawauza kuti mwana wa mayi wa dengu lovina uja sangakhale munthu wachabe. Ndipo Esinala atatopa ndi mitsinje yanu yodzaza, anapita yekha kumsika kukagula mphika, kuti angowaona apongozi ake. Mwendo tinauona kalekale. Chimene tinali tisanaone ndi mwana wochita nawo manyazi."

Ukwati unachitika, musade nkhawa. Jailosi analipa nkhuku chifukwa cha dzanja la apongozi, ndipo mpaka ukalamba wake amayi a ku Balaka akamuona ankafunsana kuti kodi lero ayeza ndani. Tsiku la chinkhoswelo a Nagama anavina opanda nsapato mpaka fumbi linakwera pamwamba pa chisakasa, ndipo kavinidwe kawo panalibe wa miyendo yofanana amene akanakatha. Nsapato ija inakhala zaka zambiri ikugwira ntchito yotsekereza chitseko kuti mphepo isachimenyetse, ntchito imene inaikhoza kwambiri. Tepi sanaitaye, poti milatho imafunadi mainchesi ake ndi timizere take, koma akafika pakhomo ankaisiya m'thumba la njinga. Ana ake atabadwa, onse anatengera bambo wawo: akayamba kulira usiku kapena usana, panalibe msana wina umene unkawagoneka koma wa agogo awo.

Anthu amenewo onse anapita, sitima ya malasha inasiya kulira, ndipo mayadi aja mwawasandutsa mamita. Ine ndikamva munthu akuyenda motsimphina kuseri kwa nyumba ndimatembenukabe, ngakhale ndikudziwa kuti si iwo. Chimene chinatsala ndi mawu amene a Nangozo anamalizira tsiku lija. Anamudzutsa Jailosi m'fumbi muja, n'kumuika nsapato ija m'manja, n'kumuuza mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve:

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."